Mmene Tinasunthira Sikelo Pachigayo cha Mpunga

Za kugwira ntchito mosawononga ine ndinaphunzira ndili ndi singano m'manja, zaka zija matipate atangolowa, pamene aliyense m'dziko muno anali atangotulukira kuti ali ndi pakamwa. Nthawi imeneyo ndinkasoka matumba pachigayo cha mpunga, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya ku Lifuwu. Chigayocho chinali chitangogulidwa ndi anthu ena a ku Lilongwe amene nkhope zawo sitinazionepo. Tinkangomva kuti "eni ake anena", basi nkhani yatha.

Ntchito yake inali yosavuta kuimvetsa. Mpunga wa faya unkalowa m'makina ndi mankhusu ake n'kutulukira pa kampopi kachitsulo uli mbee. Thumba likadzaza, munthu ankalisenza kupita nalo pa sikelo. Pamenepo kapitawo ankayeza, kutapa kapena kuonjezera ndi mbale, kenako ine n'kusoka pakamwa pa thumbalo ndi twaini. Munthu wosenza uja ndiye mwini nkhaniyi. Tonse tinkawatcha a madala.

A madala sanali akunyanja kuno. Anachokera kumapiri a ku Dowa ali mnyamata, n'kudzakwatira chikamwini m'mudzi wina wa pafupi ndi chigayo. Ana awo anatsogola onse. Akazi awo atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwaulemu wonse, kuwathokoza ndi mawu okoma kwambiri, nyumba ndi munda n'kutsala kwa eni mbumba monga mwambo unenera. Chimene chinawasunga ndi kachipinda ka ku laini, nyumba za antchito kuseri kwa chigayo. Lamulo la ku laini linali limodzi: wogona kuno ndi wogwira ntchito. Ntchito ikatha, chipinda chathanso. Ndipo kwawo ku Dowa, kumene anachoka tsitsi lili bii, owadziwa ambiri anali kumanda.

Msana wa a madala unali utatha, ndipo tonse tinkadziwa. Ndiye tinali ndi kachitidwe kathu. Thumba likadzaza, woyendetsa makina ankawatukulira mpaka paphewa. Akaona kuti miyendo ya mkuluyo yayamba kunjenjemera, ankagwira lamba wa makina, kupukusa mutu ngati dokotala, n'kunena kuti lamba watentha. Makina ankazima, tonse n'kukhala pansi kudikira kuti lamba azizire. Lamba ameneyo ankatentha nthawi zonse pamene a madala atopa, ndipo palibe amene anafunsapo chifukwa chake.

Tsiku lina manejala anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti kukubwera katswiri wodzatiphunzitsa kuchepetsa zowonongeka kuti ntchito iziyenda msanga. Ife tinasangalala kaye. Masiku amenewo maphunziro otere ankatchedwa semina, ndipo semina timaidziwa: mumapita ku loji ku Senga Bay, mumamwa Fanta, mumagona tulo m'mipando yofewa, n'kubwerako mutaphunzira. Koma madzulo ake mlonda wa pageti, amene ankamvera wailesi kuposa tonse, anatichotsera chimwemwecho. Anati m'makampani ena alendo otere akabwera, pambuyo pawo pamatsala anthu ochepa. Amayang'ana amene akuoneka kuti alibe chochita, n'kumulemba mzere.

Tonse tinaganiza za munthu mmodzi. Kuchoka pa kampopi kufika pa sikelo panali pafupi, poti munthu akhoza kulavula malovu n'kufika. Mlendo wochenjera akanatha kufunsa kuti kodi kamtunda aka kakufunikadi munthu wakewake?

Nzeru inachokera kwa kapitawo, munthu amene anafika sitandade eyiti ndipo sankalola kuti tiiwale.

"Mlendo amakhulupirira maso ake," anatero. "Akaona thukuta, aona wantchito. Tisunthe sikelo, tikaiike uko kuchitseko chakumapeto. A madala aziyenda shedi yonseyi. Ndani angachotse munthu woyenda chonchi?"

Popeza inali nthawi ya demokalase, tinavota. Inde, tinakweza manja m'shedi momwemo, mankhusu akuuluka. Ine ndinakweza mkono wanga bwinobwino, ndipo musayembekeze kuti ndipepesa. Aliyense wa ife anakula akudziwa kuti bwana amakonda wantchito wovutika. Kuyambira kumunda mpaka kutchalitchi, munthu amatamandidwa ndi kuvutika kwake. Panalibe wotsutsa ngakhale mmodzi, chisankho chaufulu ndi chachilungamo. A madala anavula chipewa n'kutiombera m'manja, kutithokoza chifukwa chowatalikitsira ulendo. Amuna anayi anakoka chisikelo chija, chachitsulo cholemera, mpaka kuchitseko chakumapeto. Ine ndinatsatira ndi kampando kanga.

Katswiri uja atafika, tinapeza kuti ndi mayi. Mayi wake wovala thalauza. Lamulo loletsa akazi thalauza linali litangochoka kumene, ndiye amuna a pachigayo anasowa poyang'ana, ena kudenga, ena ku zala zawo za kumapazi. Ine ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi monga mkazi mnzake, ndipo ndinaipidwa poona kuti yamukhala. Loji kunalibe. Fanta kunalibe. Anati sukulu yake ndi shedi yomweyi, chifukwa ntchito imaphunziridwa pamene ikugwiridwa. Anati njira imeneyi anakaiphunzira kunja, kwa anthu opanga magalimoto. Ife tinayang'ana mpunga wathu kuti mwina uli ndi mateyala.

Mayiyo anatenga choko, najambula bwalo pansi pakati pa shedi, n'kuimamo. Anaima m'kabwaloko m'mawa wonse, manja kumbuyo, maso okha akuyenda. Woyendetsa makina anandinong'oneza kuti kwawo munthu wojambula bwalo n'kuimamo amakhala kuti watemera mankhwala, ndipo tisamuyandikire.

Apa a madala anaonetsa ntchito. Mayo ine, anaonetsa. Thumba paphewa, ulendo wa kuchitseko, kubwerera chothamanga, lina paphewa. Malaya ananyowa mpaka kumamatira kumsana. Lamba tsiku limenelo sanatenthe, poti pamaso pa mlendo makina athu anayenera kuoneka athanzi. Ine ndinkaona milomo ya mkuluyo ikuyera, mtima n'kumandipweteka, koma ndinkadziuza kuti ndi mankhwala owawa amene amachiza. Kapitawo sanathe kupirira kuti thukuta lonselo lipite popanda mawu. Anapita m'mphepete mwa bwalo lija, osalowamo, n'kuyamba kutamanda.

"Mayi, bambo mukuwaonawa, pa tsiku amayenda mtunda wokafika ku Salima n'kubwerako. Thumba lililonse lotuluka muno ladutsa pamsana pawo. Popanda iwowa chigayo chino chaima."

"Zoona?" anatero mayiyo. "Mpaka ku Salima?"

"N'kubwerako, mayi."

Masana mayiyo anabwera kwa ine n'kupempha twaini. Ndinamupatsa, nanga ndikanatani. Anamanga nsonga imodzi pa kampopi, n'kuyenda motsatira mapazi a a madala, kuzungulira mulu wa matumba, kulambalala mzati, mpaka pa sikelo. Kenako anatiitana tonse kuti tione kutalika kwa ulusiwo. Ife tinauyang'ana monyadira. Kapitawo anachita kutulutsa chifuwa.

Ndiye anayamba kuphunzitsa, ndipo ndinene zoona, ankadziwa kuphunzitsa. Anafunsa kuti zowonongeka pachigayo pano ndi ziti. Tinayankha kuti ndi mpunga wotayikira pansi, ngakhale kuti umenewo sunkawonongeka kwenikweni, poti nkhuku za ku laini ndi ife tinkausamalira. Iye anati zimenezo n'zazing'ono. Anati kudikira n'kuwononga. Kunyamula chinthu kuchoka apa kupita apo popanda kuchisintha n'kuwononga. Kutapa ndi kuonjezera ndi mbale chifukwa simunayeze bwino poyamba n'kuwononga. Kuyenda kumene n'kuwononga.

"Mayi wogula mpungawu kumsika ku Lilongwe," anatero, "akufuna mpunga woyera, wokwana muyeso. Ulendo wa ku Salima wa bambo awa sakuufuna, ndipo sauphika."

Chifuwa cha kapitawo chinabwerera m'malo mwake pang'onopang'ono.

Mayiyo anatembenukira kwa a madala, n'kugwada pang'ono mwaulemu, thalauza ndi thalauza yake. "Bambo, msana sukupweteka?"

"Ayi mayi, ndili bwinobwino. Ndinazolowera."

"Sikeloyi imakhala kuno masiku onse?"

"Eya," tinayankha tonse pamodzi ngati mumpingo.

Mayiyo sanatsutse. Anangoyenda kubwerera chakumakina n'kuima pamalo akale a sikelo. Pasimenti panali poyera, pooneka bwinobwino pamene chitsulo chinakhala zaka zambiri, ndi mizere yatsopano yokukuluzika yolunjika kuchitseko. Anthu a nzeru ife tinasuntha sikelo koma osaganiza zopaka fumbi. Anayang'ana pansipo, n'kutiyang'ana ife. Bola akanatikalipira.

"Tiyeni tiisunthe," anatero.

Amuna anayi omwe aja anagwiranso. Atafika pamalo akale, kapitawo anati tsitsani apa, akuganiza kuti mlandu watha, tabwerera pomwe tinali. Mayiyo anati ayi, pitirizani. Anapitiriza mpaka sikelo inalowa pansi penipeni pa kampopi. Thumba lopanda kanthu analiika pa sikelopo, mpunga n'kumagweramo muvi ukukwera. Muvi utafika pa muyeso, woyendetsa makina anatseka kampopi. Kampando kanga anakaika pambali pomwepo. Ndinasoka thumbalo lili pomwepo, n'kulikankhira pa thabwa lotsetsereka, aganyu okweza lole n'kulilandira panja. Palibe amene anasenza kanthu. Mbale ya kapitawo inasowa ntchito, ndipo a madala anaima pambali manja ali lende.

Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero n'chakuti zinayenda. Zikanakhala zabodza, bwenzi ndikuseka. Koma mpunga unasiya kutayika, matumba ankatuluka ofanana, ine khosi linasiya kundiwawa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, amatero akuluakulu, koma sanena kuti mutu wometedwa ukhala wa ndani. Ndipo pachigayo paja zowonongeka zinalipo zambiri zoti akanayamba nazo. Denga linkadontha pa matumba, malole ankagona pageti kudikira katundu. Mayiyo anali ndi masiku ochepa, akanatha kuthera kumeneko. Koma ife tinamusankhira nkhuku yonona kwambiri, tinamuphikira, n'kumuikira patebulo ndi madzi osamba m'manja.

Popeza pakamwa tinali titapatsidwa, ndinalankhula. Manejala anali atabwera kudzaona zodabwitsazo.

"Mayi, zonsezi n'zabwino. Nanga a madala?"

Anandiyang'ana ngati ankayembekeza funsolo. Anati njira imeneyi si yochotsera anthu. Anati kumene anakaphunzira, munthu akapepukidwa ntchito amapatsidwa ina, chifukwa mukamuchotsa, anzake sadzakuonetsaninso pamene pakuwonongeka. Anabwereza mawuwo akuyang'ana manejala m'maso. Ndikhulupirira kuti ankanena zochokera mumtima. Manejala anagwedeza mutu ngati gulo pamtengo. Tsiku lomaliza tinawomba m'manja, mayiyo anakwera galimoto, fumbi n'kutsala.

Ndiye tinayamba kusakira a madala ntchito. Tinawapatsa tsache, koma zosesa zinali zitachepa. Ndinawapatsa twaini kuti azindidulira ndi kundilowetsera m'singano, chinthu chimene ndinkachita ndekha ndili chitsinzinire. Woyendetsa makina anawapatsa kansanza kopukutira chitsulo chopukutapukuta kale. Ena anati azithamangitsa nkhuku, koma nkhuku zinali zitasamuka zokha poona kuti pano njala yalowa. Mkulu amene dzana anali mzati wa chigayo ankazungulira m'shedi ndi kansanza, akuyesetsa kuoneka wotanganidwa. Ankafika m'mamawa kuposa tonse. Akamva nsapato za manejala, ankawerama n'kuyamba kupukuta chilichonse chimene chili pafupi. Zinkandimvetsa chisoni moti ndinkalephera kuwayang'ana.

Manejala wathu maphunziro aja anangokhalapo potsegulira ndi potsekera, koma anatolapo chinthu chimodzi. M'mawa wina analowa ndi choko, najambula bwalo lake, lokhota ngati dzira, n'kuimamo manja kumbuyo. Za kupatsa munthu ntchito ina sanazimve, mwina nthawi imeneyo makina ankasokosa. Anaima, anayang'ana, ndipo anaona zimene mwana aliyense akanaona. Masana a madala anaitanidwa ku ofesi. Atatuluka anabwera kwa ine n'kundibwezera twaini.

"Akuti eni ake anena," anatero. "Mwezi ukatha, chipinda chikufunika."

Tinapita kwa manejala gulu, kapitawo patsogolo. Kale tikanachita zimenezi bwenzi ena a ife titagona kupolisi. Koma tsopano unali ufulu. Anatipatsa mipando. Aliyense analankhula mpaka kukhuta, iye akumvetsera, osadula munthu mawu. Ine ndinamukumbutsa zimene mayi uja ananena, ndi mmene iye anagwedezera mutu. Anavomera kuti anagwedezadi. Kapitawo anati bwanji tibwezere sikelo pamalo akale, zinthu zikhale monga zinalili. Manejala anaseka, n'kufunsa kuti ndani mwa ife akufuna kubwerera kukatapa ndi mbale. Palibe anayankha msanga, ndipo kuchedwa kwathu kuyankha kunatiyankhira. Pomaliza anatithokoza chifukwa cha maganizo athu, nati umu ndi mmene dziko latsopano liyenera kuyendera. Tinatuluka titamvedwa bwino kwambiri, chipinda chikufunikabe.

Ndinakambirana ndi amuna anga ndi amayi, n'kukauza a madala kuti kwathu kuli kanyumba kamene achimwene anasiya. Anandithokoza nthawi yaitali, kenako anakana.

"Mwana wanga, ndakhala mlendo moyo wanga wonse. Poyamba ndinali ndi mkazi wondikhalitsa. Tsopano ndikakhale pamudzi pa eni ngati ndani? Ndikadwala, amalume ako adzafunsa kuti mtembo uwu ndi wa yani. Ndipite ndikadali ndi miyendo."

Ndinawakalipira, poti ndi mmene ine ndimalirira. Sanasinthe.

Anagwirizana ndi dalaivala wa lole yopita ku Lilongwe kuti akawatsitse pamphambano ya ku Dowa. Tsiku la ulendo anakweza katundu wawo m'mawa, mphasa, ndowa ndi kabokosi, n'kunena kuti akupita kaye kumudzi kwa malemu akazi awo kukatsanzika. Akabwerako adzatsanzika ife. Kwathu munthu satsanzika ali chiimire. Amakhala pansi, amathokoza mmodzimmodzi, amapepesa ngati analakwira wina, otsala nawo n'kupepesa, kenako mumamuperekeza. A madala anawerengera nthawi yakale, pamene lole inkafika m'mawa n'kunyamuka dzuwa litapendeka, dalaivala atagona tulo pansi pa mtengo. Sanaganize kuti kudikira tinakuthetsa. Pamene ankabwera kuchokera kumudzi, lole inali itadzaza, tenti atamanga, dalaivala akuliza hutala.

Anafika pachitseko cha shedi atavala jekete lawo la kutchalitchi, chipewa m'manja. Anaima pamenepo kudikira kuti makina apume. Koma ntchito yatsopano ija inalibe popumira. Thumba likachoka pa sikelo, lina lakhala kale, ndipo ine ndikangoimirira, mpunga usefukira pansi. Ndinayang'ana woyendetsa makina kuti agwire lamba. Iye anayang'ana manejala, amene anali ataima m'dzira lake pakati pa shedi, n'kuweramitsa mutu. Lamba anali watsopano, aliyense ankadziwa kuti satentha.

Milomo ya a madala inkayenda. Ankalankhula, mwina kuthokoza, mwina kupepesa, akuyang'ana uyu, kenako uyu, monga mwa dongosolo lake. Phokoso la makina linameza zonse. Hutala inaliranso. Ndinakuwa kuti muyende bwino bambo, singano ili m'manja, koma sindikudziwa ngati anamva. Anawerama pang'ono, anavala chipewa, n'kutembenuka.

Nditakweza maso kuchoka pa thumba lotsatira, pachitseko panalibe munthu. Tsiku limenelo tinatulutsa mpunga wambiri kuposa masiku onse, ndipo madzulo manejala anatiuza kuti eni ake akondwa.